Wotchi, kamera ndi batire: mafunso okhudza kuyeza nthawi pa mipikisano yothamanga ku Petauke ndi ku Nyimba

M'maboma a Petauke ndi Nyimba, amene ali m'mbali mwa msewu wa Great East Road m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, mipikisano yothamanga imachitika makamaka kudzera m'masukulu, pa mabwalo a dothi kapena a udzu amene mizere yake imajambulidwa ndi laimu kapena phulusa, ndipo amene amayeza nthawi kawirikawiri ndi aphunzitsi ogwira wotchi kapena foni. Dziko lomweli ndi limene linatulutsa Samuel Matete, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa mamita 400 wodumpha zotchinga ku Tokyo mu 1991, komanso Muzala Samukonga, amene analandira mendulo ya buronzi pa masewera a Olympics ku Paris mu 2024 atathamanga mamita 400 pa masekondi 43.74. Mwana wa kumudzi akathamanga bwino, anthu amafuna kuyerekeza nthawi yake ndi ya akatswiri oterewa, ndipo apa m'pamene pamabuka ganizo loti pagulidwe makina amagetsi oyezera nthawi. Makinawo ali ndi malire ake, ndipo malirewo amaoneka bwino kwambiri m'masewera a orienteering, amene afotokozedwa m'munsimu.

Kodi kuyeza nthawi ndi makina kumasiyana bwanji ndi kuyeza ndi dzanja?

Malamulo a World Athletics, bungwe loyang'anira masewera othamanga pa dziko lonse, amavomereza njira zitatu zoyezera nthawi. Yoyamba ndi ya dzanja, pamene munthu amayambitsa wotchi akaona kuwala kapena utsi wa mfuti yoyambitsira mpikisano, n'kuiimitsa wothamanga akafika pa mzere womalizira. Yachiwiri ndi ya makina odziyendera okha, pamene kulira kwa mfuti kumayambitsa wotchi kudzera pa waya kapena pa wailesi popanda chala cha munthu, ndipo kamera yoloza pa mzere womalizira imajambula kachigawo kopyapyala ka mzerewo maulendo masauzande pa sekondi imodzi, kotero kuti woweruza amawerenga nthawi ya aliyense pa chithunzi. Yachitatu ndi ya tizipangizo ting'onoting'ono totchedwa chip, timene wothamanga amavala pa nambala yake kapena pa nsapato, ndipo njira imeneyi imaloledwa pa mipikisano ya pamsewu ndi ya m'thengo, osati ya m'bwalo.

Kusiyana kwa njirazi kumaonekera ngakhale pa kalembedwe ka zotsatira. Nthawi ya makina odziyendera okha imalembedwa mpaka pa gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, pomwe ya dzanja imakwezedwa kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10, moti wotchi ikasonyeza 11.42, cholembedwa movomerezeka ndi 11.5. Wotchi ya m'manja imatha kusonyeza manambala awiri pambuyo pa kadontho, koma chala cha munthu sichingathe kulondola mpaka pamenepo, ndipo pepala la zotsatira limene lalemba 11.42 ya dzanja limanena zimene woyezayo sanazidziwe.

N'chifukwa chiyani nthawi ya dzanja nthawi zambiri imakomera wothamanga?

Chifukwa chake chili m'thupi la woyeza. Pa chiyambi cha mpikisano iye amayembekezera chizindikiro chimene sadziwa kuti chibwera liti, choncho amachedwa pang'ono kudina; pa mapeto amaona wothamanga akubwera, amakonzekeratu, ndipo amadina pa nthawi yake kapena mofulumirirapo. Kuchedwa koyamba ndi kufulumira komaliza kumadula nthawi mbali zonse ziwiri. Akatswiri osunga ziwerengero za masewerawa akhala akuwonjezera masekondi 0.24 pa nthawi ya dzanja ya mamita 100 ndi 200, ndiponso masekondi 0.14 pa ya mamita 400, pofuna kuifananitsa ndi ya makina, ndipo kuyambira mu 1977 mbiri ya dziko lonse pa mitunda ya mamita 400 kutsika m'munsi imavomerezedwa pokhapokha itayezedwa ndi makina odziyendera okha.

Pa mabwalo a sukulu pamabwera vuto lina lokulirapo. Kumene kulibe mfuti, mpikisano umayambitsidwa ndi wezulo kapena matabwa awiri owombanitsa, ndipo oyeza nthawi, amene aima pa mzere womalizira, amadina akamva phokoso. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kutanthauza kuti limatenga masekondi pafupifupi 0.3 kuti lidutse mamita 100, ndipo m'kanthawi kameneko wothamanga amakhala atanyamuka kale. Zimenezi zikaphatikizidwa ndi kuchedwa kwa chala, mnyamata amene wathamangadi masekondi 11.5 angalembedwe 11.0 popanda wina aliyense kuchita chinyengo. Mankhwala ake safuna magetsi: woyambitsa aime pamalo oonekera, akweze matabwa kapena mbendera pamwamba, ndipo oyeza adine akaona matabwawo akukhudzana, osati akamva kulira kwake.

Kodi kamera ya pa mzere womalizira ikakhalapo, ndiye kuti kukayika konse kwatha?

Kamerayo imalondola modabwitsa, ndipo pa mpikisano womaliza wa mamita 100 ku Paris mu 2024 inalekanitsa Noah Lyles ndi Kishane Thompson, amene onse analembedwa 9.79, mwa kusiyana kwa masekondi 0.005 okha. Komabe kulondola kumeneku kumadalira zinthu zingapo zimene kamera payokha singazikonze. Iyenera kuikidwa pamalo okwera, yosagwedezeka, yolunjika ndendende pa mzere womalizira. Pafunika kuwala kokwanira. Ndipo mipikisano isanayambe oweruza amayesa kaye ngati wotchi ikuyambadi pamene mfuti yalira, popeza malamulo salola kusiyana kopitirira masekondi 0.001. Chithunzi chikajambulidwa pamafunikabe munthu wophunzitsidwa woti aike mzere pa thunthu la wothamanga, ndiko kuti chifuwa ndi mimba, osati mutu, khosi, mikono kapena miyendo. Makina amene amayambitsidwa ndi chala cha munthu n'kudziimitsa okha pa mapeto amapereka nthawi imene malamulo amaiwerenga ngati ya dzanja, ngakhale itatuluka pa kompyuta. Komanso nthawi ya mamita 100 kapena 200 siwerengedwa ngati mbiri pokhapokha mphepo itayezedwa ndi chipangizo chinanso n'kupezeka kuti yokankha kumbuyo sinapitirire mamita 2 pa sekondi.

Zonsezi zimadya magetsi. Chilala cha mu 2024, chimene Pulezidenti wa Zambia Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonselo mu February chaka chimenecho, chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba mpaka magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse. Kamera, kompyuta ndi makina osindikizira zotsatira zimafuna batire lalikulu, sola kapena jenereta, ndipo ku Nyimba, kumene kumatentha kwambiri m'miyezi ya October ndi November chifukwa kuli kufupi ndi chigwa cha Luangwa, kompyuta yosiyidwa padzuwa ikhoza kudzizimitsa yokha mpikisano uli mkati. Fumbi la bwalo la dothi nalonso limadetsa galasi la kamera ndi kulowa m'malo olumikizira mawaya.

Nanga tizipangizo ta chip timene timavalidwa pa mipikisano ya pamsewu?

Chip ya mtundu wofala ilibe batire yakeyake: imadzutsidwa ndi mafunde a wailesi ochokera pa mphasa kapena pa mlongoti woikidwa pa mzere, ndipo imayankha potumiza nambala yake. Ubwino wake ndi wakuti imawerenga anthu mazana ambiri pa kanthawi kochepa. Kufooka kwake n'kwakuti madzi amameza mafundewo, kotero thukuta, mvula kapena dzanja lophimba nambala pamene wothamanga akuimitsa wotchi yake zingachititse kuti asawerengedwe, ndipo nambala yopindidwa kapena yovalidwa mkati mwa jekete nayonso imasowa. Makinawo amadziwa kuti chip yadutsa koma sadziwa amene waivala. Nthawi za pamsewu zimakwezedwa kufika pa sekondi yathunthu, ndipo popeza makinawo saloza thunthu la munthu, awiri akafika mopanikizana pamafunika maso a oweruza kapena kamera kuti adziwike woyamba.

Kodi orienteering ndi masewera otani, ndipo akulowa bwanji m'nkhaniyi?

Orienteering ndi mpikisano wothamanga m'nkhalango kapena m'tauni pogwiritsa ntchito mapu ndi kampasi, pamene wopikisana amayenera kupeza malo osankhidwa motsatana, aliwonse okhala ndi kambendera ka mbali zitatu koyera ndi kofiirira ngati lalanje, ndipo njira yochokera pa malo ena kupita pa ena amasankha yekha. Masewerawa anayambira ku Sweden ndi ku Norway chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, bungwe lake la dziko lonse, International Orienteering Federation, linakhazikitsidwa mu 1961, ndipo kum'mwera kwa Africa makalabu ake odziwika ali ku South Africa. Opikisana amanyamuka mmodzimmodzi, motalikirana ndi mphindi imodzi kapena zingapo kuti asatsatane, ndipo akalowa m'tchire palibe woweruza amene amawaona. Choncho pa masewerawa palibe maso a anthu amene angakonze cholakwa cha wotchi monga zimakhalira m'bwalo: wopambana amadziwika ndi nthawi yokha, ndipo umboni wakuti anafikadi pa malo onse uli m'chipangizo.

Kale umboniwo unali khadi la pepala limene wopikisana ankaboola ndi kachitsulo kopanira kokhala ndi timisomali, ndipo malo aliwonse anali ndi kaboolidwe kakekake. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera makina, ndipo otchuka ndi awiri: Emit ya ku Norway ndi SPORTident ya ku Germany. Pa SPORTident wopikisana amamangirira kachipangizo kooneka ngati kandodo ku chala, ndipo akafika pa kambendera amakalowetsa m'bowo la kabokosi ka pulasitiki. Kabokosiko kamalira ndi kuthwanima, kusonyeza kuti nambala ya malowo ndi nthawi zalembedwa. Akamaliza, zonse zimawerengedwa pa kompyuta ndipo amalandira kapepala kosonyeza nthawi imene anatenga pakati pa malo aliwonse awiri. Kapepala kameneka n'kamene kanasintha masewerawa, chifukwa opikisana amatha kuona pamene anasochera ndi kuchuluka kwa mphindi zimene anataya.

Kodi makina a orienteering amalephera pati?

Amalephera m'malo ambiri, ndipo makalabu ang'onoang'ono, amene amayendetsedwa ndi anthu odzipereka ogwiritsa ntchito zipangizo zakale, ndi amene amakumana nazo kwambiri. Kabokosi kalikonse kali ndi wotchi yakeyake yodalira kamwala ka quartz, kamene kanjenjemeredwe kake kamasintha pang'ono ndi kutentha, kotero mabokosi akakhala masabata osagwirizanitsidwa amayamba kusiyana ndi masekondi. Kusiyanaku kukakhala pakati pa bokosi la poyambira ndi la pomalizira, nthawi ya aliyense imalakwika. Kukakhala pakati pa mabokosi a m'tchire, kapepala kamasonyeza kuti munthu anathamanga gawo lina mwaliwiro losatheka. Bokosi limapatsidwanso nambala pa kompyuta, ndipo ngati nambala ya mkati yasiyana ndi yolembedwa kunja, kapena bokosi laikidwa pa mwala wolakwika, makinawo amalemba mokhulupirika chinthu cholakwika, ndipo onse amene anapeza malowo amaoneka ngati anawaphonya.

Kachipangizo ka ku chala nakonso kali ndi malire. Mitundu ina yakale imasunga malo pafupifupi 30 okha, ndipo wopikisana akaiwala kufufuta za mpikisano wapitawo asananyamuke, kamadzaza ali pakati pa nkhalango. Munthu wothamanga mwaphuma akhoza kukachotsa m'bowo kasanalire, ndipo lamulo pankhaniyi ndi lolimba: udindo woonetsetsa kuti chizindikiro chalembedwa ndi wa wopikisana, ndipo amene alibe chizindikiro amachotsedwa pa mndandanda ngakhale anzake atachitira umboni kuti anamuona pa malowo. Mtundu watsopano wotchedwa SIAC umalemba popanda kukhudza bokosi, pa mtunda wa pafupifupi theka la mita, koma uli ndi batire yakeyake imene imatha, sugwira pa bokosi limene likadali m'tulo losungira batire, ndipo chizindikiro cholembedwa mwa njirayi chimatsala m'kachipangizo mokha popanda bokosi kusungako umboni.

Chofunika kuona n'chakuti masewera amene amadalira makina koposa enawa sanataye njira yakale. Pambali pa bokosi la SPORTident kawirikawiri pamapachikidwa kachitsulo kopanira kaja, kuti bokosi likafa wopikisana aboole m'mphepete mwa mapu ake, ndipo khadi la Emit limakhala ndi kapepala kumbuyo kamene kamabooledwa ndi kamsomali pa nthawi yomweyo imene makina akulemba. Anthu a orienteering anavomereza kale kuti tsiku lina batire idzafa, ndipo anakonza malamulo awo moganizira tsikulo.

Kodi masewera oterewa angatheke ku Petauke kapena ku Nyimba?

Malo ake alipo: nkhalango za miombo, zitunda, miyala ndi makwawa ouma a m'maboma awiriwa ndi mtundu wa malo amene okonza mipikisanoyi amafuna. Chopinga choyamba si bokosi lamagetsi koma mapu, chifukwa mapu a boma a sikelo ya 1:50,000 sasonyeza chulu, mwala kapena kanjira ka ng'ombe, pomwe a orienteering amajambulidwa pa 1:15,000 kapena 1:10,000, ndipo a pa bwalo la sukulu amakhala atsatanetsatane kuposa pamenepo. Mabokosi amagetsi atabwera angakumane ndi zovuta zakezake. Nkhalango ya kuno simakhala yopanda anthu, popeza mumadutsa abusa a ng'ombe, otola nkhuni ndi ootcha makala, ndipo bokosi lothwanima losiyidwa usiku wonse likhoza kunyamulidwa ndi mwana amene sanaganize n'komwe zakuba. Moto wolusa wa miyezi ya August mpaka October ungathe kusungunula pulasitiki. Ndipo bokosi likawonongeka, zipangizo zolikonzera ziyenera kuitanitsidwa kunja kwa dziko ndi ndalama zakunja. Sukulu imene ingafune kuyamba ingachite bwino ndi makadi a pepala, zoboolera kapena makrayoni a mitundu yosiyana omangiriridwa pa malo aliwonse, wotchi imodzi yokha yoyezera ponyamuka ndi pofika pomwe, komanso kudziwitsiratu mfumu ya mudzi za tsiku ndi malo.

Kodi foni ya m'manja singalowe m'malo mwa makina odulawa?

Ingathandize pa chinthu chimodzi, chimene ndi kuthetsa mkangano wa amene wafika poyamba. Foni yoikidwa pa mtengo wosagwedezeka molunjika mzere womalizira imapereka umboni woposa mawu a oweruza otopa. Komabe vidiyo wamba imajambula zithunzi 30 pa sekondi, ndipo wothamanga wa liwiro la mamita 9 pa sekondi amasuntha masentimita 30 pakati pa chithunzi china ndi chinzake, kotero awiri osiyana ndi chikhatho sangalekanitsidwe pokhapokha foniyo itaikidwa pa kajambulidwe kofulumira ka zithunzi 120 kapena 240. Poyeza nthawi, foni ili kumbuyo kwa wotchi wamba, chifukwa galasi lake silipereka kugunda kumene chala chimamva pa batani. Ndipo GPS ya m'foni, imene imalakwitsa ndi mamita angapo makamaka pansi pa mitengo, si chida choyezera kutalika kwa bwalo.

Ngati ndalama zili zochepa, choyamba kukonza n'chiyani?

Choyamba ndi bwalo lenilenilo, ndipo apa ndi pamene pamabisala cholakwa chachikulu kuposa cha wotchi iliyonse. Bwalo lovomerezeka la mamita 400 lili ndi mbali ziwiri zowongoka za mamita 84.39 iliyonse ndi makona awiri ozungulira amene amajambulidwa ndi chingwe cha mamita 36.50 kuchokera pa chikhomo cha pakati. Chingwecho chikafupika ndi mita imodzi yokha, kuzungulira kumodzi kumafupika ndi mamita 6.28, ndipo kwa mnyamata wothamanga mamita 400 pa masekondi 50 zimenezi zimadula pafupifupi masekondi 0.8, kuchulukitsa kangapo cholakwa cha chala cha woyeza. Pa mpikisano wa mamita 5,000, umene ndi maulendo 12 ndi theka, kusiyanako kumafika mamita pafupifupi 78. Bwalo lojambulidwa mozungulira bwalo la mpira poyeza ndi mapazi, lopindidwa pang'ono pothawa chulu kapena mtengo wa mango, lingaikidwe kamera ya mtengo wapatali, ndipo kamerayo ingayeze mpaka gawo limodzi mwa 1,000 a sekondi mtunda umene si mamita 400. Tepi yachitsulo, zikhomo za simenti zokwiriridwa pa malo a pakati kuti chaka chamawa asayezenso mwatsopano, ndi mphunzitsi wa masamu woyang'anira ntchitoyo, zimagulika ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa kamera. Mipikisano ya pamsewu nayonso imayezedwa ndi njinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa gudumu, kotchedwa Jones Counter, ndipo oyeza amawonjezera dala mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti njira isakhale yaifupi.

Chachiwiri ndi anthu. Malamulo amafuna oyeza atatu pa wopambana, aliyense wosaonetsa mnzake wotchi. Awiri akagwirizana, nthawi yawo ndiyo imalembedwa, ndipo atatu onse akasiyana, imatengedwa ya pakati. Oyezawo ayenera kuima molunjika mzere womalizira, makamaka pa malo okwera motsatizana ngati masitepe, osati mounjikana pakati pa ochemerera. Njira imeneyi ndi yovomerezeka ndi yolemekezeka, ndipo ngakhale pa mipikisano yokhala ndi kamera oyeza a dzanja amasungidwa kuti makina akalephera pasasowe zotsatira.

Chachitatu ndi pepala la zotsatira, limene liyenera kunena mmene nthawi inapezedwera: ya dzanja kapena ya makina, yoyambitsidwa ndi mfuti kapena matabwa, pa dothi kapena pa udzu, ndiponso amene anayeza bwalo ndi tsiku limene anayeza. Mtsikana wa ku Petauke amene kwawo analembedwa 12.3 akapita ku National Heroes Stadium ku Lusaka kapena ku Levy Mwanawasa Stadium ku Ndola, kumene kunachitikira mpikisano wa achinyamata a mu Africa osakwana zaka 18 ndi 20 mu 2023, akhoza kulembedwa 12.80 ndi makina atathamanga bwino kuposa kale. Ngati palibe amene anamufotokozera kuti manambala awiriwa anayezedwa mosiyana, iye ndi mphunzitsi wake angaganize kuti wabwerera m'mbuyo, ndipo ana ena aluso amasiya kuthamanga pa zifukwa zazing'ono ngati zimenezi. Osankha timu ya chigawo nawonso amafunika pepala loterolo, chifukwa popanda ilo amayerekeza 11.0 ya pa bwalo lalifupi la sukulu ina ndi 11.4 ya pa bwalo loyezedwa bwino la sukulu ina, n'kusiya kunyumba mwana amene anali waliwiro kuposa mnzakeyo.